Mbuzi Iyi Sifika Khirisimasi

Pa ntchito yanga, munthu woyamikira katundu amagona ndi njala. Ndimagula mbuzi kwa anthu a njinga amene amatsika nazo kuchokera ku Mitundu ndi ku Malingunde, n'kuzigulitsa kwa ootcha kanyenya a ku Chinsapo kuno, a ku Biwi, nthawi zina mpaka ku Kawale. Pakati pa kugula ndi kugulitsa palibe chimene ndimawonjezerapo koma pakamwa. Ena amadyera khasu, ena wilibala. Ine ndimadyera lilime.

Kagwiridwe kake n'kotere. Mbuzi ikatsitsidwa pa kaliyala, usaiyang'ane msanga. Yamba wafunsa za mvula ya kumudzi. Kenako uigwire pamsana, uitsegule kukamwa, upukuse mutu ngati walandira uthenga wa maliro, unene kuti, “Mbuzi iyi sifika Khirisimasi.” Mawu amenewa ndawanenapo mu Januwale, ndawanenapo mu Okutobala, ndipo chaka china ndinawanena pa Khirisimasi penipeni, mwini mbuzi n'kundiyankha kuti, “Madala, yafika kale.” Mwini mbuzi amadziwa kuti ndikunama, ine ndimadziwa kuti akudziwa, iyenso amalumbira kuti mbuzi yake imadya bwino kuposa ana ake. Timaseka, mtengo n'kukumana pakati. Palibe mbuzi imene inafapo ndi mawu anga. Zonse zimafa ndi mpeni, ndipo kunena zoona, mwa zimene zadutsa m'manja mwanga, zofikadi Khirisimasi n'zochepa.

Nyumba imene ndimachita lendi si yoti n'kuitama. Mvula ikagwa mabeseni amayala pabalaza ngati pa msika wa ziwiya. Koma ili ndi chinthu chosowa m'Chinsapo muno: kabwalo kakuseri kokwana khola. Alandilodi ambiri akangomva fungo la tonde amakulozera msewu. Athuwa, mayi wamasiye wa ku Thyolo wokhala m'nyumba yakutsogolo, analola, bola ndowe zizipita m'dimba lawo la masamba. Popanda khola limeneli geni yanga yatha, chifukwa mbuzi yogula madzulo imafuna pogona, ndipo ukaigoneka kumsika, m'mawa umakapeza chingwe chokha.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala aneba, bambo wopuma pa ntchito ya m'boma, mkulu wa mpingo, munthu wosita ngakhale malaya opita nawo kuchigayo. Iwo anali ndi mbuzi imodzi yokha, mkota woyera wa banga lakuda pakhosi. Ankaisambitsa ndi sopo. Ankaimangirira pamthunzi wa misatsi imene inamera yokha m'mbali mwa ngalande, yomwe akazi awo ankathyolamo nsatsi zoyengera mafuta odzola. Mbuziyo inali yonenepa moti ine ndikaiona ndinkamva kuyabwa m'manja.

Ndinaifuna, sindibisa. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira pampanda.

“Mwadzuka bwanji, aneba?”

“Tadzuka, kaya inu. Siyogulitsa.”

“Ndafunsa ine? Ndikungoimvera chisoni. Mimba imeneyo si mafuta ayi, ndi njoka. Yadzimbidwa. Mbuzi iyi sifika Khirisimasi. Ndipatseni ndikuthandizeni.”

“Pakamwa panupo, aneba, tsiku lina padzakupezetsani mavuto.”

Zinkathera pomwepo. Ine ndinkayesa kuti ndi moni wathu. Vuto n'lakuti ulendo womaliza ndinawanena mawuwa amayi a m'dera lathu ali pa mzere wa madzi pafupi ndi ngalande, ndipo pa mzere wa madzi palibe mawu amene amagwa pansi.

Sabata imeneyo ndinapita kumsika wa ku Mitundu, ndinagonera komweko kwa achimwene anga. Pobwera ndinapeza mayi a kunyumba ataima pageti, manja ali m'chiuno.

“Mbuzi ya aneba yafa.”

“Ayi, zachisoni. Chikopa agulitsa?”

“Musaseke, bambo. Akuti ndinu.”

Ndinasekabe, chifukwa ndinkayesa kuti ndili ndi umboni: kunalibe ine. Koma anthu anali atawerengera kale mwa njira yawo. Ku Chinsapo aliyense amadziwa mmene nyama yothiridwa mankhwala imafera. Galu akadya tameki sayenda mtunda, amagwa pomwepo, thovu lili kukamwa. Mbuzi ya aneba sinafe choncho. Inayamba yasiya kubzikula, kenako inatsegula m'mimba zamagazi, inafooka pang'onopang'ono, n'kumalizika m'mawa wa tsiku limene ndinabwera. Ndiye anthu anati: si mankhwala a m'sitolo amenewa, izi n'zotumiza. Nanga analengeza imfayi ndani? Ndipo n'chifukwa chiyani wolengezayo anachokapo dala? Ulendo wanga wa ku Mitundu, umene ndinkati undipulumutsa, ndi umene unandimanga.

Alandilodi sanachedwe. Anandiitana pakhonde pawo, osandipatsa mpando.

“Abambo, ine ndine mayi wa mvano. Pa puloti panga sindisunga zimenezi. Mwezi ukatha mundipatse makiyi. Apo ayi, mupite kwa anebawo, muvomere pamaso pa anthu, mupepese, akupempherereni.”

“Ndivomere chiyani, amayi?”

“Mukudziwa inuyo.”

Titalowa m'nyumba, mayi a kunyumba anandikhazika pansi. “Inu mumanama tsiku lililonse chifukwa cha mbuzi. Namani kamodzi chifukwa cha nyumba. Tipita kuti ndi khola pamutu?”

Funso lawo linali labwino, ndipo ndinaliganizira ndithu. Koma bodza la kumsika ndi limene tonse awiri tikulidziwa, timalivina limodzi. Ili linali bodza limene anthu akanalikhulupirira. Ndikanati ndivomere, nyumba ikanatsala, koma ndani akanagulanso mbuzi m'manja mwa mfiti yovomera yokha? Ana anga akanamatchedwa chiyani kusukulu? Ndinati ayi. Ndine wabodza wa mitengo, zimenezo ndivomera ngakhale kutchalitchi. Mfiti ayi.

Kuseri kunkamveka khasu. Aneba ankakumba dzenje, chifukwa nyama ya mbuzi yolodzedwa panalibe woifuna, ngakhale aja amene amadya zofa zokha mwakabisira. Ndinasuzumira pampanda.

“Aneba, musakwirire. Mbuzi iliyonse imene yandikhudza imatsegulidwa. Iyinso itsegulidwe.”

“Kuti muchotsemo zanu?”

“Sindiigwira ine. Ndikukatenga adokotala a ziweto. Ngati muli otsimikiza, dikirani. Dzenje silithawa.”

Anthu anali atayamba kale kusonkhana, ndiye kukana kunawavuta.

Adokotalawo ndi mayi wamagalasi amene amapima nyama kumene timaphera mbuzi. Ine ndi iwo si abwenzi kwenikweni. Anditayitsapo ziwindi zambiri, ine ndikulumbira kuti timadonthoto n'tobadwa nato. Nditawafotokozera anaseka mpaka kuvula magalasi.

“Inuyo mfiti? Mfiti yolephera kundinamiza za chiwindi?”

“Mukanene zimenezo kwa alandilodi.”

Tinakwera kabaza wa njinga yamoto, iwo ndi chikwama chawo, ine m'mbuyo pa ina.

Tinapeza pabwalo la aneba patadzaza, dzuwa lili paliwombo. Alandilodi anabwera ndi mpando wawo. Adokotala anavala magolovesi n'kung'amba mimba ya mbuziyo, ine nditaima patali, manja nditapinda kumbuyo kuti aliyense aone. Matumbo anali ofiira, otupa, ngati awauluzira tsabola. Atatsegula chifu anavundula gaga amene anali m'menemo, n'kutola tizibenthu tolimba tamawangamawanga, tonga khungu la nkhupakupa yokhuta. Anatiika pa chikhatho n'kutionetsa.

“Izi ndi nsatsi. Ndipo sinathyole yokha mumtengo ayi. Zinasinjidwa.”

Ndinaona akazi a aneba akuyang'ana mtondo umene unali pakhonde, kenako amuna awo.

“Abambo,” anatero mayiwo motsitsa, “nenani.”

Aneba anakonza kolala. Anati inde, nsatsizo anaipatsa mbuziyo ndi iwo. Mbuzi inkaoneka yodzimbidwa, mafuta a nsatsi m'nyumba anali atatha, ndipo aliyense amadziwa kuti mafuta amenewa amatsegula m'mimba. Ndiye anaganiza kuti ngati mafuta amathandiza, njere zimene mafutawo amachokera ziyenera kuthandiza koposa. Anasinja zaziwisi, n'kusakaniza ndi gaga.

“Koma si zimenezo zaipha!” anakweza mawu. “Inadya, inanyambita beseni. Tsiku lonselo inali bwinobwino, ikulira, ikukoka chingwe. Chiphe sichidikira. Chikanakhala chiphe ikanagwa pomwepo ngati galu.”

Anthu anavomereza ndi mitu. Ngakhale ine ndinayamba kukayika, chifukwa ndinkadziwanso choncho.

Adokotala anavula magolovesi n'kukhala pa mtondo uja. Zimene ananena ndazibwereza kambirimbiri ku chiwaya moti mwina mawu ena ndi anga, koma njira yake ndi yomweyo.

“Abambo, tameki amagunda mitsempha, n'chifukwa chake galu amagwa msanga. Poizoni wa m'nsatsi ali ndi ulendo woti ayende. Thupi la mbuzi, ngati lathuli, linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, maselo. Selo lililonse muliyese fakitale ya mpanda. M'kati mwake muli makina opanga mapuloteni, zomangira ndi zokonzera thupi, ndipo makinawo sapuma. Poizoniyu nayenso ndi puloteni. Amayenda awiri omangana pamodzi: wina wolankhula ndi mlonda, wina wonyamula mpeni.”

“Wolankhulayo ndi mnzanga,” ndinatero.

“Khalani chete inu,” anatero alandilodi.

“Ndi mnzawodi,” anapitiriza adokotala. “Kunja kwa mpanda wa selo kuli timashuga totuluka ngati zogwirira. Wolankhulayo amagwira pamenepo, osataya. Selo limayesa kuti kwabwera katundu, limapinda mpanda wake n'kuwameza onse awiri m'kathumba. Sathyola geti, amachita kulowetsedwa. Koma kulowa si kufika. Ali m'kathumbamo sangachite kanthu. Ambiri selo limawatumiza kudzala kumene limagayira zinyalala, ena limawalavulira kunja. Ochepa okha ndi amene amapeza njira.”

“Njira yanji?” anafunsa aneba, mawu atatsikako.

“Katundu wa m'fakitalemo amayenda mbali imodzi: kuchoka kumene amapangidwa, kupita kopakira, n'kutuluka. Awiriwa amayenda chobwerera, ngati munthu wokwera lole imene yatsitsa katundu. Amachoka kugeti, amadutsa kopakira, mpaka kukafika m'chipinda cha m'kati kumene katundu watsopano amapindidwa n'kuunikidwa. Kumeneko selo lenilenilo limawamasula chingwe chawo. Wolankhula uja ntchito yake yatha. Wampeni amadzisasula n'kuoneka ngati katundu wopangidwa molakwika. Tsono chipindacho chili ndi kakhomo kotulutsira zolakwika kuti zikagayidwe. Selo limamukankhira pa kakhomo kameneko lokha.”

Apa ndinatsala pang'ono kuomba m'manja. Zaka zonsezi ndakhala ndikuipitsa katundu wabwino kuti khomo litseguke, osadziwa kuti njere ya m'ngalande inayamba kale ntchito imeneyi ine ndisanabadwe.

“Chigayo cha m'selomo chimagaya zokhazo zimene zamatidwa chizindikiro,” anatero adokotala, “ndipo iyeyu ali ndi malo ochepa omatapo. Ena amagayidwabe, koma wina amazemba, amadzipindanso bwinobwino, ndipo pamenepo ali kale pakati pa makina aja. Sawaphwanya. Amangozula kadzino kamodzi, makinawo n'kuima, iye n'kupita pa ena. Mmodzi yekha amatha kuimitsa fakitale yonse.”

“Ndiye bwanji inali kukokabe chingwe?” anafunsa mayi wina wa pa mzere wa madzi uja.

“Amayi, okala ikasiya kulandira katundu, imatseka tsiku lomwelo?”

“Ayi, imagulitsa zotsala.”

“Ndi zomwezo. Ulendo uja umatenga nthawi, ndipo makina akaima, selo limadyabe zimene linapanga kale. Kunja nyama ikuoneka bwino, m'kati mashelefu akutha. Maselo a m'matumbo ndi amene amayamba kufa, chifukwa ndiwo analandira alendowo. N'chifukwa chake mukuona magaziwa. Pamene mbuzi inasiya kubzikula, ntchito inali itagwiridwa kale.”

Akazi a aneba anagwira pakamwa. “Nanga mafuta aja timadzoza ana?”

“Poizoniyu salowa m'mafuta, amatsalira m'zotsala, komanso moto umamuwononga. Mafuta oyengedwa bwino alibe vuto limeneli. Choopsa ndi njere yosweka. Ana asatafune, nkhuku zisatole zosinja, mtondowu muutsuke kwambiri. Munthu kapena chiweto chikadya, thamangirani kuchipatala chisanayambe kuoneka kudwala, musadikire kuti muone. Ndipo nyama iyi wina asadye. Ikwirireni mozama.”

Ndinayesa kuti zatha. Ndinali nditayamba kale kuganiza mmene ndikafotokozere ku chiwaya. Koma aneba anatembenuka n'kundiloza.

“Nanga za njoka ananena ndani? Kudzimbidwa ananena ndani? Tsiku ndi tsiku pampanda apo! Ine ndikanaipatsa chiyani mbuzi yanga pakanapanda pakamwa pa munthu uyu?”

Maso onse anabwerera kwa ine. Mayi a kunyumba anandiponda chala kuti ndikhale chete.

“Ndinanena ndine, aneba,” ndinatero. “Koma ndinanena ziwiri. Ndinati ili ndi njoka, ndinatinso ndipatseni. Inu munamvera theka. Mukanamvera zonse, bwenzi pano mukuwerenga ndalama, ine ndikutafuna nthiti.”

Anthu anaseka, koma alandilodi sanaseke. Anaimirira n'kukonza chitenje.

“Chabwino. Za ufiti tamva, palibe. Koma zonsezi zayambira pakamwa panu. Pepesani kwa abambowa pano pomwe, mulonjeze kuti mawu amenewo simudzawanenanso pa puloti panga, ine notisi ndichotsa.”

Unali mtengo wotsika, ndikuvomereza. Munthu wanzeru akanalandira. Koma ine ndinaona mmene anthu aja ankandiyang'anira. Ndikanapepesa, madzulo ake pa mzere wa madzi nkhani ikanakhala yakuti wapepesa, ndipo munthu sapepesa chimene sanachite. Za maselo zija akanaziiwala mawa lake, za kupepesa akanazisunga mpaka ana anga atakula.

“Amayi, mbuzi ndikuimvera chisoni kuposa aliyense pano, chifukwa ndinkaifuna yamoyo. Dzenje ndikumba ndine, lozama kuti agalu asafukule. Misatsi iyi ndidula lero lomwe ngati anebawa alola. Koma munsi sindinaugwire ine. Ndikapepesa lero, mawa aliyense amene nkhuku yake yatsokomola adzafika pageti panu kufuna ine. Ndipo mawu aja ndi khasu langa. Munthu salonjeza kusiya khasu.”

“Ndiye makiyi.”

“Bambo!” anatero mayi a kunyumba.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina ndi chizolowezi chabe: ndikamva mtengo womaliza thupi limayamba lokha. Ndinatembenuka n'kuyang'ana nyumba yathu pamwamba pa mpanda, ndinaiyang'ana kuyambira pansi mpaka padenga, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

“Makiyi ndikupatsani, amayi. Koma mupeza ndani wolowa mmenemo? Malata ngati sefa. Khoma lakuseri lang'ambika moti buluzi amalowa osawerama. Fungo la tonde lalowerera mpaka m'njerwa. Ndipo masamba anu aja adzadya ndowe za yani? Ine ndikungokumverani chisoni. Nyumba iyi sifika Khirisimasi.”

Mayi wina anakuwa. Mayi a kunyumba anaphimba nkhope ndi chitenje. Adokotala anayang'ana m'chikwama chawo, mapewa akugwedezeka. Anthu amene m'mawa womwewo ankaopa pakamwa panga anandimva ndikuweruza nyumba imene ndimagonamo ndi ana anga.



“Ndinu munthu wopanda mankhwala, abambo,” anatero alandilodi. “Mfiti ikanakhala ndi nzeru kuposa pamenepa.” Ananyamula mpando wawo. “Mwati malata ngati sefa? Mwaona nokha. Muwakonze ndi manja anu mvula isanagwe, khomalo mulimate. Mukatero khalani. Nyumbayo ikagwa, idzagwera inu.”

Pa moyo wanga wonse wa kunenerera sindinagonjepo choncho. Ndinalowa pabwalo lija ndili ndi mlandu wa mbuzi ya eni, ndinatuluka nditasenza denga la eni. Mayi a ku Thyolo aja akanakhala ogulitsa mbuzi, ine bwenzi ndikukwera kabaza wa ngongole.

Dzenje ndinakumba, misatsi ndinadula, aneba ataima chapatali. Moni wanga sanayankhe mpaka mvula itagwa n'kutha. Alipo ena mpaka lero amene amati adokotala aja ndinawagula, ngati kuti munthu wonditayitsa ziwindi angagulidwe ndi ine. Amenewo ndimawasiya. Sindinapepese, ndipo khola lili pomwe linali.

Tsiku limene ndinkakhoma malata omaliza, wanjinga wina anaima pageti ndi tonde wofiira pa kaliyala. Alandilodi ankasesa pakhonde. Ndinatsika pamakwerero, ndinafunsa za mvula ya ku Malingunde, ndinagwira tondeyo pamsana. Tsache linasiya kulira. Ndinamutsegula kukamwa, ndinapukusa mutu, ndipo mawu aja ndinawanena mokweza kuti amvekenso kuseri kwa mpanda.